Alamu Amene Sindinawaone ku Banki

1. Mpeni wa anyezi

"Ndiye sukulu yakoyo ntchito yake n'chiyani? Tandiuza! Tsiku lonse uli pa kompyuta ya banki, koma kungosuzumira kamodzi kokha ukuti sungathe?"

Amenewo ndi amami. Anali ataima pakhomo la khitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja, mawu akufika mpaka kwa aneba a kuseri. Ine ndinali nditangolowa kumene, chikwama chikadali kumsana, nsapato imodzi nditavula, inayo ikadali kuphazi.

Ndinayesa kunena kuti lamulo sililola. Amami anati lamulolo si limene linandibereka.

Imani kaye ndikulongosolereni, chifukwa mwapeza nkhani ili pakati. Ine ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Kosi yanga ndi ya malamulo oyendetsera mabanki, makamaka ndalama zodutsa malire kuchoka dziko lina kupita lina. Anthu akamva amaganiza kuti timakhalira kuwerenga manoti. Ayi ndithu. Timaphunzira kulondera mabanki kuti asamasewere ndi ndalama za anthu, komanso kuti akuba asamadutsitsiremo zawo. Kunyumba zonsezo anangozidula pafupi, amanditchula Gavana, ngati mkulu wa banki yaikulu ya boma. Anayambitsa ndi adadi, ndipo pano ngakhale mayi wogulitsa mazira pakona amati, Gavana, lero tikupatse angati?

Semesita ino tili pa atachimenti. Kutanthauza kuti sukulu yatimwaza m'makampani kuti tikaphunzire ntchito ndi manja. Ine anandiponya ku banki ina m'tauni, mu ofesi ya komplayansi, ija imafunsa mafunso ndalama zisanatuluke kapena kulowa m'dziko. Pomaliza abwana amasaina lipoti. Akakana kusaina, chaka chonse chalowa m'madzi, ndipo mabanki ena onse amamva. Mabanki amalimbirana makasitomala, koma pa miseche ya antchito ndi apachibale.

Tsono vuto ndi ili. Sisi, mkulu wanga, namwino wa kuwodi ya ana, akukwatiwa. Mwamunayo amaitanitsa masipeya a galimoto kunja n'kumagulitsa pashopu yake, ndiye ife timangoti a Sipeya. Munthu wansangala, zikhadabo zakuda ndi girisi ngakhale atavala suti. Anakonza fani ya adadi, amabweretsera amami maapulo. Ndipo akaunti ya a Sipeya ili ku banki yomwe ndili ineyo. Sisi anaona khadi lawo tsiku lina akulipira kulesitilanti, n'kubwera nazo kunyumba ngati nthabwala.

Nthabwalayo inakhazikika. Madzulo aliwonse Sisi amafunsa kuti, Gavana, alamu ako wawaona lero ku banki? Ine ndimayankha kuti ayi, alonda amawabweza pageti, akuti akasambe kaye girisi. Timaseka, basi, tsiku latha.

Koma tsiku limeneli amami anali atachokera ku saluni, ndipo ku saluni kunali nkhani. Akuti shopu ya a Sipeya ndi yaing'ono kuposa galimoto yawo. Akuti ndalama zawo sizidziwika kochokera.

Amami anaika mpeni patebulo n'kutsitsa mawu. Akatsitsa mawu ndiye kuti ulaliki wayamba.

"Mwana wanga, tamvera. Ine sindikudana naye mnyamatayo. Ndimamukonda, maapulo ake ndimadya. Koma kukonda munthu si kumudziwa. Ukwati si basi yoti ukaona kuti yasochera ungogogoda kuti nditsike. Mkulu wakoyo mtima wake ndi wofewa, amakhulupirira aliyense amene wamusekerera. Ana akuchipatala amamunamiza kuti ameza mankhwala, iye n'kuvomera. Akalowa m'nyumba ya munthu wa zachinyengo, tsiku limene apolisi adzagogode sadzafunsa kuti mkaziyu amadziwa kapena ayi. Adzanyamula mipando, adzanyamula ndi dzina lake lomwe. Ine ndaona atsikana abwinobwino akubwerera kwa makolo ndi sutikesi imodzi, mwana ali m'manja. Sindikukutuma kuti ube. Sindikuti usunthe kalikonse. Ungoona, ubwere undinong'oneze kuti amami gonani tulo, kapena amami dzukani. Angadziwe ndani?"

Ndinawauza kuti kompyuta ingadziwe. Akaunti iliyonse imene watsegula, sisitimu imalemba kuti watsegula ndi iwe, ndi pasiwedi yako. Amami anati ndiye kompyutayo ndi yamiseche kuposa a ku saluni.

Adadi anali pa sofa, nyuzipepala kumaso, mapazi patebulo laling'ono. Iwo ndi ometa tsitsi, ali ndi babashopu pafupi ndi siteshoni ya basi. Osatsitsa nyuzipepala anangoti anyezi akupserera. Amami anathamangira kumphika, mlandu n'kuimitsidwa kaye.

2. Nsapato za Sisi

Ine ndi Sisi timagona chipinda chimodzi. Mabedi awiri, wadilobu imodzi, soketi imodzi yomwe timalimbirana pochaja foni. Kuseri kwa chitseko kuli msomali, ndipo pamsomalipo pamakhala kiyi wachiwiri wa shopu ya a Sipeya. Sisi amasunga chifukwa mwini wake amataya chilichonse chosamangirira kuthupi.

Sisi ndinawapeza akusita yunifolomu, phokoso lonse atalimva. Anaseka n'kunena kuti ndisawamvere amami, ku saluni ngakhale m'busa amatuluka ali wakuba. Kenako anandigwira kumutu n'kunena kuti tsitsi langa likuchititsa manyazi banja lonse. Analonjeza kuti mawa madzulo andiluka.

Muyenera kudziwa kuti zonse zimene ndimavala ku banki ndi za Sisi. Jekete ndi lawo. Nsapato zakuda ndi zawo, zazikulu pang'ono, ndiye kutsogolo anandiikira thonje kuti zisamavuke pa masitepe. Tsiku langa loyamba anandiperekeza mpaka pageti la banki, atachokera kuntchito osagona, n'kundijambula ndi foni ngati mwana woyamba sukulu. Alonda mpaka lero amandifunsa kuti amayi anu aang'ono aja ali bwanji.

Ndinafunsa za a Sipeya. Anati anapita kunja kukatenga katundu, abwera sabata yamawa. Netiweki kumeneko ndi yovuta, amangotumiza timameseji tifupitifupi. Anandionetsa kamodzi: ndafika bwino, kuno kukuzizira, ndakusowa. Ndi kamtima kofiira kumapeto. Ndinati munthu wa girisi ndi kamtima sizikugwirizana. Anati ndidikire wanga, tidzaone.

Kenako anazimitsa simbi.

"Gavana, ine sindikukupempha zimene akupempha amami. Ntchito yako ndi yako. Koma utati wadziwa china chake chokhudza ine, ungandibisire?"

Ndinati ine kubisa sindimatha, inu nomwe mukudziwa, si ine ndinaulula kuti munaswa galasi la amami? Anandigenda ndi pilo. Funsolo linathera pomwepo, osayankhidwa.

3. Chipinda cha magalasi

Abwana anga ku banki ndi mayi wachikulire, wamfupi, magalasi pachingwe. Antchito onse amawatchula Madamu Ayi, koma mobisa. Mamanejala akuluakulu amalowa mu ofesi yawo akumwetulira, amatuluka akukanda m'mutu. Koma ndi omwewo amene m'mawa uliwonse amandifunsa ngati ndadya, ndikanena kuti inde amandipatsabe bisiketi.

Ine malo anga ndi pakona, pafupi ndi pulinta yomwe imatsokomola isanatulutse pepala. Ntchito yanga yambiri ndi kuwerenga malamulo atsopano ochokera ku banki yaikulu ya boma n'kuwalemba mwachidule kuti ena asavutike. Nthawi zina ndimayankha maimelo a mabanki akunja. Iwo amafunsa kuti munthu akutumiza ndalamayu mukumudziwa? Akulipira chiyani? Ife timayankha, nafenso n'kufunsa zomwezo. Dziko lonse likungofunsana, mukumudziwa, mukumudziwa. Ndiyo kosi yathu imeneyo mwachidule.

Tsiku lotsatiralo chakumasana Madamu anandikodola. Anati pali kasitomala amene ndalama zake zopita kunja zaimitsidwa kaye, ndipo wabwera kudzayankha mafunso. Anati ndi mwayi wanga woona zimene timawerenga m'mabuku zikuchitika ndi munthu wamoyo. Nditenge laputopu, ndikhale kumbuyo, ndisatsegule pakamwa.

Ndinasangalala shuwa. Pagulupu ya kalasi anzanga amangodandaula kuti atachimenti yawo ndi kufotokopa ndi kukagulira mabwana chakudya. Ine ndikulowa mu intavyu yeniyeni. Ndinawongola jekete la Sisi, n'kuwatsatira.

Chipinda chofunsira anthu chili kumapeto kwa kolido. Makoma ake ndi magalasi osaonekera bwino, umangoona chithunzithunzi cha munthu atakhala. Madamu anatsegula chitseko.

Shati ya buluu ya mizere ija ndinaidziwa ndisanaone nkhope. Tinakagula limodzi ndi Sisi, ndipo ine ndinkalimbikira kuti titenge yobiriwira.

A Sipeya. Munthu amene ali kunja, kumene kukuzizira, kumene netiweki ndi yovuta.

Anaimirira mofulumira mpaka mpando unagunda khoma. Madamu anali bize kukoka mpando wawo, sanaone kanthu.

Apa ndiye panali poterera. Ndikanangokhala kumbuyo kuja phee, ndikanamva zonse. Zonse zimene amami amafuna, popanda kutsegula akaunti, popanda kompyuta kulemba dzina langa. Ndiponso ndinachita kuitanidwa. A Sipeya sakananena kuti amandidziwa, nkhope yawo inkaoneka kuti akufuna kulowa pansi pa tebulo.

Ndinaima pakhomo pomwepo, laputopu ili m'manja.

"Madamu, pepani, ine ndituluke. Awa ndi alamu anga."

Madamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ana a Sipeya, n'kundiuza kuti ndikawadikire padesiki yanga. Chitseko chinatsekedwa. Ndinabwerera pakona panga, thonje la mu nsapato litanyowa. Ndinatsegula lamulo lina lalitali n'kumaliyang'ana osawerenga ngakhale mzere umodzi.

4. Madamu Ayi

Intavyu itatha foni yanga inanjenjemera m'thumba. Meseji: mlamu chonde usamuuze, ndimufotokozera ndekha, si zimene ukuganiza.

Ndisanayankhe, Madamu anandiitana mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Ndinawaonetsa mesejiyo ndisanafunsidwe, chifukwa lekichala wathu anatiuza kuti kasitomala akakutsata kumbali, abwana adziwe tsiku lomwelo. Anaiwerenga atatalikitsa foni, n'kundibwezera. Anathira tiyi makapu awiri.

"Wachita bwino kutuluka. Ambiri sakanatuluka, ndipo ine ndikanadziwa ndithu, kaya mwezi wamawa, lipoti lako n'kuling'amba. Koma usadzitame. Chophweka ndi chimene wachitacho. Chovuta chikukudikira kunyumba.

"Tamvetsera bwino. Munthu akalowa pakhomo la banki amatipatsa zinthu ziwiri, ndalama zake ndi nkhani zake. Ndalama tili ndi kozisungira, zitseko zachitsulo, alonda, makamera. Nkhani zake tilibe kwina kozisungira koma m'kamwa mwa ine ndi iwe. Ndiye munthu uja lero sunamuone. Chinsinsi si zimene zanenedwa m'chipindamo zokha, ayi, ngakhale zoti anabwera. Ngakhale mtundu wa shati. Amayi ako akafunsa, mkulu wako akalira, abusa akabwera ndi Baibulo, yankho ndi limodzi.

"Ndipo usamuweruze. M'chipinda chija mumalowa anthu osiyanasiyana. Ena kampani imene akuilipira kunja yasintha dzina. Ena chiphaso chawo chatha ntchito. Ena ndi akuba enieni. Zake ndi ziti sindikuuza, ndipo usayese kuwerenga nkhope yanga, anayesa ambiri. Ngati ndi wosalakwa, lilime lako likhoza kumuphwanyira ukwati pachabe. Ngati ndi wolakwa, lilime lomwelo likhoza kumuchenjeza n'kuthawa, ndipo pamenepo lamulo limagwira iweyo. Munaphunzira zimenezi m'kalasi, si choncho? Chabwino. Lero zatuluka m'buku, zavala shati ya buluu."

Ndinawauza kuti vuto langa si akaunti, ndi bodza. Munthuyo anauza Sisi kuti ali kunja.

Madamu anausa moyo. Anati zimenezo ndi zowawa, koma ndazidziwira pampando wa banki, ndiye ndi za banki. Mesejiyo anati ndikhoza kuyankha kamodzi kokha, iwo akuona, kenako nkhani za ntchito ndi nambala imeneyo zithere pomwepo.

Ndinalemba, kufufuta, kulembanso, kufufutanso. Pomaliza ndinatumiza izi: za ku banki sindiyankhula nanu. Za Sisi, auzeni nokha kumene muli, musadikire.

Madamu anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anafunsa kuti kunyumba akamandifunsa za makasitomala ndimayankha bwanji. Ndinawafotokozera nthabwala ya alonda ndi girisi, ndikuseka. Iwo sanaseke.

"Apo ndiye unalakwitsa, mwana wasukulu. Ife timayankha chimodzimodzi tsiku lililonse, kaya taona kaya sitinaone: za kuntchito sindinena. Ukazoloweza anthu kumva ayi pamene palibe kanthu, tsiku limene pali kanthu kukhala chete kwako kumafuula. Amuna anga takhala nawo mpaka imvi, koma sadziwa ngati mng'ono wawo ali ndi akaunti kuno kapena ayi. Anasiya kufunsa kalekale. Ukanayamba tsiku loyamba."

Ndinafunsa kuti nanga pano nditani. Anati kuulula n'koletsedwa, kunama sakundituma, zapakatipo ndidzionere ndekha. Kenako anandikankhira mbale ya mabisiketi n'kunena kuti nditenge ambiri, nkhope yanga ikuoneka ngati ya kasitomala.

5. Mpando wa adadi

Poweruka sindinalunjike kunyumba. Ndinatsikira pa siteshoni n'kulowa mu babashopu ya adadi. Munalibe munthu, iwo anali akutsuka makina ometera ndi mswachi wakale, wailesi ikulira chapansipansi.

Anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati banki yagwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati andichotsa. Ayi. Anati ndiye ndikhale pampando, anthu amayankhula bwino akakhala pamenepo.

Ndinakhala. Ndinangoti pali zimene ndadziwa zoti sindingauze munthu, ndipo zikundilemera. Adadi sanafunse kuti ndi ziti. Anapitiriza kutsuka makina.

"Gavana, ukuuona mpando wakhalirawo? Mutu ukakhala pamenepo, ukamva makina akulira kuseri kwa khutu, umayamba kulankhula wokha. Ndamva za maukwati, za matenda, za amene anachotsedwa ntchito koma m'mawa uliwonse amavalabe tayi n'kutsanzika ana. Ena mwa iwo akazi awo amapemphera limodzi ndi amami ako. Amami ako andifunsa zaka zonsezi, ine ndimangoti anthu amanena za mpira. Amakwiya, amandimana tiyi, kenako zimatha. Koma ndikuchenjeze chinthu chimodzi. Kusunga za anthu si kwaulere. Amene amamva kuwawa ndi anthu ako omwe, amene umawakonda. Akakukwiyira usawabwezere. Usawalalikire za malamulo ako, iwo sanalembetse kosi imeneyo. Ungokhala pafupi, akakufuna akupeze. Ndipo pa zonse, usamunamize mkulu wako. Kukhala chete adzakukhululukira. Bodza ayi."

Ndinati ine sindinatchule Sisi. Adadi anati ntchito yawo ndi kuyang'ana mitu ya anthu, ndipo wangawu anauona uli waung'ono ngati lalanje.

Ndinafunsa ngati za mpira zijazo si bodza. Anati ayi, za mpira amanenadi, kungoti si zokhazo.

Tinatseka limodzi. Panjira anandilanda chikwama n'kuchikoleka paphewa pawo, akuti Gavana sanyamula katundu, anthu angaganize kuti dziko lasauka.

6. Theka la mutu

Kunyumba amami anali kukhitchini akuimba, mkwiyo wa dzulo utaphwa. Anangondiuza kuti ndine wouma mutu ngati bambo anga, n'kundipatsa chidutswa cha apulo. Apulo wa a Sipeya. Ndinalowa nacho kuchipinda n'kuchiika pawindo.

Sisi anali atakonzeka kale. Chipeso, mafuta, pilo pansi pakati pa mabedi. Ndinakhala pakati pa mawondo awo monga tachitira kuyambira ndili ku pulayimale. Anayamba mbali ya kumanzere. Zala za Sisi ndi zofewa kwa ana odwala okha, pamutu panga ndi zankhanza. Ndinadandaula, anati ndisiye kuvina.

Anandiuza za kamwana kena kamene kanaluma dokotala pachala, dokotalayo n'kulira kuposa kamwanako. Anandiuza za diresi, kuti telala walitalikitsa dala kuti amami asadandaule. Ine ndinkangoti ee, ee, maso ali pa foni yawo yomwe inali pabedi. Ndinkadikira kuti iwale. A Sipeya, imbani. Tumizani ngakhale kameseji. Sinawale.

Atafika pakati pa mutu anaseka okha.

"Ndaiwala kufunsa. Gavana, alamu ako wawaona lero ku banki?"

Yankho linali pamlomo, lokonzeka kale, la alonda ndi girisi. Ndikanalinena tikanaseka, tsitsi likanatha, aliyense akanagona bwino. Ndi nthabwala chabe, eti? Dzulo inali nthabwala. Lero likanakhala bodza.

Chipeso chinaima.

"Gavana?"

"Sisi, za kuntchito sindinena."

Anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndikutsanzira abwana anga. Anandikoka khutu n'kufunsanso. Ndinabwereza zomwezo, ndipo mawu anga anatuluka owuma ngati a wowerenga nkhani pa wailesi.

Sisi anazungulira n'kugwada patsogolo panga kuti andione kumaso. Anamwino amadziwa kuwerenga nkhope ya mwana amene akubisa pamene pakupweteka. Anandikumbutsa kuti dzulo ndinati ayi, dzana ndinati ayi. Anati munthu amene ali kunja sangaoneke ku banki ya m'tauni muno, ndiye ayi wa lero akuvutiranji kutuluka?

Ndinawauza kuti ndinalakwitsa kuyambira pachiyambi, funso limenelo sindinayenera kumaliyankha ngakhale mosewera. Kuyambira lero yankho likhala limenelo, za kasitomala aliyense, kwa aliyense, kaya ndaona kaya sindinaone.

"Ine ndine aliyense?"

Ndinagwira dzanja lawo, linali loterera ndi mafuta a tsitsi. Sanalichotse msanga.

"Ungondiuza kuti palibe kanthu. Basi. Ndikukhulupirira, sindifunsanso."

"Sindingakuuzeni, Sisi."

Amami anali atafika pakhomo, supuni ili m'manja. Anayamba kuti mwaona, si ndinanena ine, koma adadi kuchokera pa sofa anati anyezi akupserera. Pamoto panalibe anyezi. Amami anayang'ana Sisi, anayang'ana ine, n'kubwerera kukhitchini osamaliza mawu awo.

Sisi anaimirira. Sanalire, sanakalipe. Anatenga foni n'kuimba, tonse tikuimva ikulira mpaka inaduka yokha. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

Anapukuta manja pathaulo. Anatsegula wadilobu n'kutulutsa mpango wawo wabwino uja, umene sandibwereka ngakhale nditagwada, n'kundimanga kumutu, mbali yoluka ndi yosaluka pamodzi. Anati mawa ndipite choncho, ndisayerekeze kumaliza ndekha, ndingawononge ntchito yawo. Anakankhira nsapato zakuda pansi pa bedi langa, pamalo pake, n'kunena kuti thonje ndisinthe, lanyowa. Kenako anavala juzi.

Kunja kunali kutada kale. Sisi anakankha chitseko pang'ono, anapisa dzanja kuseri, n'kuchotsa kiyi wa shopu pamsomali.

Ndinaimirira, mpango ukutsetsereka kumaso.

"Sisi, mukupita kuti?"

Anatembenuka pakhomo. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi, kiyi ali m'manja.

"Sindingakuuze, Gavana."

Ndipo anatuluka.